Konveta ya three phase mu shedi: kusankha chochotsa kapasita yodzutsira mota

Lolemba

Pomwe ntchito yomanga konveta, yosandutsa magetsi a single phase kukhala a three phase, yafika ndi apa. Mota yoti izizungulira yokha popanda katundu ndapeza, ya 4 kW, ya mapolo anayi, ndipo pa kachitsulo kake palembedwa 230/400 V ndi 1440 rpm. Mabelingi ndasintha onse awiri. Mawaya a mkati ndayesa, palibe wogunda thupi la mota. Bokosi lachitsulo lilipo, njanji yomangirapo zida ndaika kale. Chatsala ndi chimodzi, ndipo ndicho chikundidyera nthawi: motayi izidzuka bwanji.

Kwa amene mwayambira pano kuwerenga, ku shedi kuno kumabwera magetsi a single phase, waya wamoto mmodzi ndi neutral, 230 V pa 50 Hz. Makina amene ndikufuna kuyendetsa ndi a three phase: lathe ya mota ya 1.5 kW, drill yoimirira ndi grinder. Konveta yozungulira imadalira khalidwe limodzi la mota ya three phase. Ikangofika m'liwiro, imapitiriza kuyenda ndi mawaya awiri okha, ndipo pa nsonga yake yachitatu pamabadwa voteji. Waya wachitatu ameneyo ndiye amene makina enawo akusowa. Koma ikakhala chiimire n'kuipatsa mawaya awiri, sidziwa kolowera. Imangolira, shafuti ili njo, ikumwa ma amp ambirimbiri n'kumatentha. Pamafunika china choikankha poyamba, ndipo chokankhacho chiyenera kuchoka ntchito yake ikatha.

Wina afunsa chifukwa chake sindinangogula VFD, kabokosi kamagetsi kamene kamapatsa mota three phase n'kulamulira liwiro lake. Ikanakhala lathe yokha ndikanagula. Koma VFD imafuna mota imodzi yomangidwa kwa iyo mwachindunji, sikondwa ndi maswichi apakati, ndipo ine makina ndi atatu, aliyense ndi swichi yake.

Zambiri zolembedwa za makonvetawa n'zochokera ku America, komwe nyumba imalandira 240 V pa mawaya awiri amoto ndipo magetsi ake ndi a 60 Hz. Kuno zinthu ziwiri zimasintha. Choyamba, waya wathu wachiwiri ndi neutral. Chachiwiri, pa 50 Hz kapasita, chipangizo chosunga magetsi kwa kanthawi, imadutsitsa ma amp ochepa, choncho pa nambala zawo za ma µF (muyeso wa kukula kwa kapasita) pamafunika kuwonjezerapo gawo limodzi mwa magawo asanu kuti zifanane. Palinso nkhani ya kachitsulo ka pa mota. Ya 230/400 V mumaimanga delta (makoyilo ake atatu olumikizana mozungulira, nsonga ndi nsonga) n'kuyenda pa 230 V bwinobwino. Koma mamota okulirapo, kuyambira cha m'ma 5.5 kW, ambiri amakhala a 400/690 V, ndipo amenewo popanda thiransifoma yokweza voteji musavutike nawo. Makina anga atatu ndawatsegula, onse ali ndi nsonga zisanu ndi imodzi, onse ndawatembenuzira ku delta.

Kuti tisasokonezane kutsogoloku: T1 ndi waya wamoto, T2 ndi neutral, T3 ndi wobadwa mu mota.

Lachiwiri

Ndisanagule chilichonse ndinafuna kuona motayi ikuyenda. Ndakulunga chingwe pa pule, n'kukoka mwamphamvu, n'kuyatsa shafuti ikadali m'liwiro. Yagwira nthawi yomweyo. Mita yaonetsa 229 V pakati pa T1 ndi T2, ndipo kuchoka pa T3 kupita kwa awiriwo ikusewera cha m'ma 200 V. Popanda kapasita iliyonse, zimenezi n'zabwino. Koma chingwe si cha tsiku ndi tsiku. Chikakola pa pule pomwe magetsi alowa, dzanja limapita nacho.

Njira ina ndi kamota ka single phase kokoka ndi lamba, kuti yaikuluyo ifike m'liwiro magetsi asanalowe. Ubwino wake ndi wakuti podzuka sipakhala kumwa ma amp kwambiri, mababu a m'nyumba saphethira. Ikanakhala mota ya 15 kW ndikanaganizira. Pa ya 4 kW n'kungodzaza malo ndi lamba wina wofuna kumangidwa.

Ndiye kapasita. Mukaiika pakati pa T3 ndi mmodzi wa mawaya awiri aja, imachititsa kuti magetsi a m'koyilo yachitatu asayendere limodzi ndi a m'makoyilo enawo, ndipo kusiyana kumeneko ndi kumene kumapatsa shafuti mbali yolowera. Ndagula ziwiri za mtundu wa CD60, iliyonse 200 µF, 330 V. Pogula nyamulani mita yoyeza ma µF. Pa benchi ina ndayeza yolembedwa 200 n'kupeza 150, ndaibweza pomwepo. Ziwirizi pamodzi ndi 400 µF, ndipo masamu ake ndi achidule: 2 × 3.14 × 50 × 0.0004 × 230, zikutuluka pafupifupi 29 A. Chilichonse cholumikiza ndi kudula makapasitawa chiyenera kupirira ma amp amenewo.

Mtundu wa CD60 uli ndi madzi mkati ndipo anaupangira masekondi ochepa basi. Mukausiya pa magetsi umatentha, madziwo amawira, kenako chivindikiro chimaphulika. Si monga CBB60 kapena CBB65, amene amakhala pa magetsi tsiku lonse. Nkhani yonse ya sabata ino yagona pamenepa.

Madzulo ndamanga zoyeserera pa thabwa: kontakita imodzi ya makapasita (swichi yaikulu yokokedwa ndi koyilo yamagetsi), batani loigwira ndi chala. Kuyatsa uku nditakanikiza batani, mota yadzuka sekondi isanakwane. Khutu limamva bwino nthawi yosiya. Poyamba pamakhala kulira kolemera, kenako kumakwera, kenako mota imayamba kubangula mwaukali thabwa lonse n'kumanjenjemera. Kubangulako ndiye kuti mwachedwa kale. Ndachedwetsa dala kamphindi mita ili pa makapasita, voteji yadutsa 300 V. Clamp meter pa T1 yagwira cha m'ma 70 A podzuka, n'chifukwa chake breaker ndaika ya 32 A ya mtundu wa C, imene imadula pompopompo ma amp akafika kasanu mpaka kakhumi kuposa nambala yake. Ya mtundu wa B imadula pa katatu mpaka kasanu, ndipo pamenepo m'pafupi kwambiri.

Batani la chala likugwira ntchito, ndipo ndikanakhala ndekha mu shedi muno mwina ndikanalekera pomwepa. Koma mphwanga amagwiranso ntchito muno, ndipo iye akakanikiza batani amadikira kaye kuti aone ngati zathekadi.

Lachinayi

Tsiku lonse pa pepala, kusanthula zimene zingalowe m'malo mwa chala.

Swichi ya pa shafuti, yotseguka ndi liwiro monga ya m'mamota a single phase, ndiyo imadziwa zoona zenizeni, chifukwa imamva kuzungulira kwenikweniko. Koma mota ya three phase ilibe malo ake mkati, ndipo kuimangira kunja ndi ntchito ya lathe, lathe yomwe ikudikira konveta yomweyi.

Zida za m'firiji ndazichotsa msanga. Relay (kaswichi kokokedwa ndi koyilo) yoyendera ma amp ili ndi koyilo ya waya wonenepa imene magetsi onse a kompuresa amadutsamo. Akachuluka imatseka mapointi, akachepa imamasula. Anaipangira kompuresa ya mawati mazana angapo, osati 70 A. Ngakhale itapezeka yaikulu, pa waya womwewo pamadutsanso ma amp a lathe, ndiye nthawi iliyonse lathe ikudzuka relay izilowetsanso makapasita. PTC nayo, kambale kaja kamene kamatentha n'kuletsa magetsi kudutsa, ndi kakang'ono, ndipo kakatentha kamafuna mphindi zingapo kuti kazizire. Magetsi akathima n'kubwerera msanga, iko kamakhala kasanakonzeke.

Pa timer ndi pamene ndakhalitsa. Ndinapita kwa madala ena amene akhala akumanga ma starter a zigayo kuyambira ine ndili mwana. Atamva nkhani yanga anaseka. "Mwana wanga, ukudzivutitsiranji? Ika timer. Zigayo zonse ukuzionazi zikuyenda ndi timer." Ndipo sakunama. Ma starter a star-delta ali paliponse pamene pali chigayo chamagetsi, choncho timer ndi kontakita sizisowa, zatsopano ndi zakale zomwe, ndipo wamagetsi aliyense amazidziwa. Ikafa Loweruka, Lolemba mwapeza ina.

Ndinawayankha kuti, "Madala, pa chigayo mota imakhala ndi ma phase onse atatu, timer ikafulumira kapena ikachedwa pang'ono imafikabe. Apa ikachedwa ikuphika kapasita." Iwo akuti ndiye uichepetse. Komatu vuto lili pomwepo. Mpata wa pakati pa "yadzuka" ndi "yayamba kubangula" ndi kachidutswa ka sekondi, ndipo mpatawo sukhala malo amodzi. Mphamvu yokoka ya mota imatsika mofulumira kuposa voteji: voteji ikatsika ndi 10 pa 100 iliyonse, mphamvuyo imatsika ndi 19. Shedi yanga ili patali ndi nyumba, kebulo ndi yaitali, ndipo madzulo mbaula zikayaka m'nyumba mita kuno imaonetsa cha m'ma 210 V. M'mawa wa mwezi wa June girisi amakhala wolimba. Kapasita nayo ikamakalamba ma µF amatsika. Mukaika timer molingana ndi tsiku loipa, masiku onse abwino makapasita azikhala pa 300 V kwa nthawi yosafunika. Mukaiika molingana ndi tsiku labwino, tsiku loipa idzadula mota isanafike.

Choipa kwambiri ndi ichi: timer siona. Wina akasiya swichi ya lathe ili yoyatsa, kapena waya wa kapasita akasololoka, mota sidzuka n'komwe, koma timer idzawerenga sekondi yake, n'kudula, n'kukhala phee ngati zonse zili bwino, mota ikulira pa 70 A.

Madala aja sanagonje, ndipo pa mfundo ya kupezeka kwa zida ine ndi amene ndinagonja. Timer ndagula ndithu. Koma ntchito imene ndiipatse ndi ina.

Loweruka

Ku Limbe, m'masitolo a zida za mafiriji akuluakulu ndi ma air conditioner, kukafuna potential relay. Anthu a ku America opanga makonvetawa amatchula kwambiri Steveco 90-66. Imeneyo sindinaipeze, koma ndapeza ina ya mtundu womwewo, kabokosi kakuda ka nsonga zolembedwa 1, 2 ndi 5.

Mkati mwake muli zinthu ziwiri. Pakati pa 2 ndi 5 pali koyilo ya waya woonda kwambiri. Pakati pa 1 ndi 2 pali mapointi amene amakhala otseka relay ikamapuma. Voteji ya pa koyilo ikakwera n'kufika pa mlingo wake, koyilo imakoka, mapointi n'kutseguka. Pa kompuresa imayang'ana voteji yobadwa m'koyilo yodzutsira. Pa konveta iyang'ana voteji ya T3, imene imakwera pamodzi ndi liwiro la shafuti. Ndiye kuti ikuyang'ana mota yeniyeniyo. Tsiku lozizira idikira, tsiku labwino ifulumira, palibe woiuza.

Ili ndi manambala atatu ofunika: voteji yokokera, voteji yomasulira, ndi voteji imene koyilo ingapirire tsiku lonse. Zolembedwa pa katoni sindinazidalire, chifukwa zambiri za izi anaziyezera pa 60 Hz, ndipo pa 50 Hz koyilo imakoka msanga pang'ono. Mnzanga wokonza mafiriji wandibwereka variac, thiransifoma yokwezera ndi kutsitsira voteji. Relay ndaiimika mmene idzakhalire m'bokosi, poti kaimidwe kake kamasintha pokokera, n'kumakweza voteji pang'onopang'ono. Cha pa 190 V yamveka kuti tha! Potsitsa yagwirabe mpaka cha pa 85 V.

Manambala awiriwa ndakhala nawo nthawi, chifukwa akunena zambiri. Wa 190 ali pansi pa 200 V imene T3 imapereka mota ikamayenda yopanda makapasita, choncho relay izifika pokoka nthawi zonse. Ikanakhala yokokera pa 260 V ikanadikira mpaka mota itayamba kubangula.

Wa 85 ndiye wosangalatsa. Mota ikaima chiimire magetsi ali pa T1 ndi T2, T3 sikhala pa ziro. Imakhala pakati penipeni, 115 V kuchoka mbali iliyonse, chifukwa makoyilo amagawana voteji. Ndiye relay yomasula pa 85 V, ikangokoka, singamasulenso magetsi ali chiyakire, kaya lathe ikoke bwanji. Anthu ena amakonda relay yomasula msanga, kuti makina olemera akamadzuka T3 n'kugwa, makapasita odzutsira alowenso kudzathandiza. Ine sindikuzifuna zimenezo. Kulowa ndi kutuluka kotereku ndi kumene kumachititsa relay kumangoti kakaka, mapointi n'kumapsa, ndipo CD60 siyenera kudzutsidwa pafupipafupi. Mota yanga imaposa kuwirikiza kawiri ya lathe, idzutsa yokha. Mtengo wake wa chisankho chimenechi ndi wakuti konveta ikadzaimitsidwa ndi katundu, relay sidzaithandiza, adzaipulumutse ndi overload, chida chodula magetsi mota ikamamwa ma amp opitirira muyeso.

Ndayezanso mbali yoyenera kuyang'ana. Shafuti nditaimanga kuti isazungulire, kwa kamphindi chabe, mbali imene kuli makapasita ikuonetsa pafupifupi 145 V, pomwe mbali inayo ikutsika kufika cha m'ma 90 V. Koyilo ipite mbali yopanda makapasita. Kumeneko voteji imayambira pansi n'kukwera bwino ndi liwiro, relay singanamizidwe mota isanasunthe.

Lachiwiri

Mamangidwe wamba ndi akuti 2 apite pa T3, 5 pa waya mmodzi wa magetsi, ndipo makapasita amangidwe pa 1. Zimayenda, ndipo makonveta ambiri ndi otero. Koma zikutanthauza kuti timapointi ta relay tizinyamula 29 A, ndipo timapointito ndi totseka mwachibadwa. Tikawotcherana tsiku lina, kapena koyilo yoondayo ikaduka, makapasita amakhala pa magetsi mpaka ataphulika, popanda chokuchenjezani. Ndasankha kuti relay izingolamula, katundu anyamule kontakita.

Apa pali msampha. Nsonga 2 ndi ya koyilo komanso ya mapointi. Mukaisiya pa T3 n'kumanga koyilo ya kontakita pa 1, kontakitayo izidya magetsi a T3, amene mota isanadzuke ali pa 115 V basi. Kontakita ya 230 V singakoke pamenepo, ingolira. Yankho ndi kutembenuza: 2 apite pa T1, waya wamoto, 5 apite pa T3. Koyilo ya relay ilibe nazo ntchito, ikuonabe voteji ya pakati pa T1 ndi T3. Koma tsopano pa 1 pakutuluka 230 V yeniyeni, imene ikupita pa nsonga A1 ya koyilo ya kontakita, nsonga A2 n'kupita ku neutral. Poti koyilo yatenga mbali ya T1, makapasita odzutsira apita pakati pa T2 ndi T3. Chasintha ndi mbali yozungulira yokha, ndipo kwa mota yopanda katundu zilibe kanthu. Za makina ndidzakonza posinthanitsa mawaya awiri.

M'bokosi tsopano muli izi. K1 ndi kontakita yaikulu, ya batani lobiriwira ndi lofiira, yodzigwira yokha kudzera pa pointi yake yothandizira. Magetsi akathima imamasula, ndipo akabwera palibe chodzuka mpaka munthu akanikize. Pa lathe imeneyi si nkhani yokambirana. K2 ndi ya makapasita, ya 25 A, ndipo kapasita iliyonse ndaipatsa polo yakeyake. Kulumikiza mapolo pamodzi kuti agawane katundu sikuthandiza potseka, poti nthawi zonse pamakhala imodzi yoyamba kugunda, ndipo imeneyo ndi imene imapsa.

Pa kapasita iliyonse ndawotchererapo resistor ya 15 kΩ, 2 W. K2 ikadula, kapasita imatsala ndi magetsi, mwina odutsa 400 V ngati yadulidwa pa nsonga ya funde la magetsi. Mukailumikizanso ili choncho, funde n'kukhala kuti lili mbali inayo, mapointi amalandira zonse ziwiri pamodzi n'kuwotcherana. Pa 200 µF ndi 15 kΩ, masekondi atatu aliwonse voteji imatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndiye pakatha masekondi 15 imakhala itatheratu. Zimatetezanso zala za wotsegula bokosi, ngakhale ine ndimayezabe ndi mita ndisanagwire.

Timer ija ndaiika ngati mlonda. Koyilo yake ili limodzi ndi koyilo ya K2, ndipo pointi yake yotseka ili m'njira yogwirira K1. Ndaiika pa masekondi atatu. Zikayenda bwino, relay imachotsa K2 sekondi isanakwane, timer n'kubwerera pa ziro isanachite kanthu. Koma K2 ikakhalabe ndi magetsi mpaka masekondi atatu, kaya chifukwa mota sinadzuke kaya relay yafa, timer imagwetsa K1, zonse n'kuzima. Sikufunikanso kuti nthawi yake ikhale yolondola. Masekondi awiri ndi theka kapena atatu ndi theka, zonse n'chimodzimodzi.

Chimodzi chimene timer imeneyi singaone ndi K2 yowotcherana mapointi, poti imayang'ana magetsi a pa koyilo osati mapointiwo. Ndasintha pang'ono: m'malo momanga pa koyilo, timer ikudya kudzera pa pointi yothandizira ya K2, yotseguka mwachibadwa. Mapointi akulu akakakamira, chonyamulira chawo sichibwerera, pointi yothandizirayo imakhalabe yotseka, timer n'kuwerenga mpaka kugwetsa K1. Waya mmodzi yekha ndi amene wasuntha.

Overload ndaiika kumbali yolowera magetsi. Za masiku ano zimazindikira polo imodzi ikakhala yopanda ma amp n'kudula msanga, choncho waya wamoto ndamudutsitsa m'mapolo awiri motsatizana, neutral n'kudutsa m'polo yachitatu, monga timachitira pa mota ya single phase. Zonse zolamulira, mabatani, makoyilo ndi timer, zikudya pa T1 ndi T2. Pa T3 pali nsonga 5 yokha. Chimodzimodzi ku lathe: babu ndi kontakita yake zisakhudze T3. Waya wa earth ndi wapayekha, kuchoka ku bokosi kupita ku thupi la mota iliyonse. T2 kukhala neutral sikukutanthauza kuti angagwire ntchito ya earth.

Lachisanu

Kuyesa. Batani lobiriwira, ndipo pakumveka zinthu zitatu motsatizana: K1 ndi K2 kuti gwa pafupifupi limodzi, mota kukwera, kenako tha! wa relay ndi K2 kumasula. Zonse sekondi isanakwane. Kubangula kuja sikukumveka n'komwe, relay ikudula kusanayambe. Madzulo, mita ikuonetsa 211 V, nthawi yatalikirapo moti khutu likumva, ndipo relay yadikira yokha.

Kenako ndayamba kuwononga dala, chifukwa chitetezo chosayesedwa sindichikhulupirira. Ndachotsa waya wa pa 5, kukhala ngati koyilo yaduka. Mota yadzuka, yabangula, pa masekondi atatu zonse zii. Makapasita ndawagwira, afunda pang'ono chabe, komabe ndawapatsa nthawi yopuma. Ndabwezera wayayo n'kuchotsa mawaya a makapasita onse awiri. Mota yalira shafuti ili njo, relay sinakoke, timer yagwetsa K1. Ndachotsa kapasita imodzi yokha: pa 200 µF mota ikudzukabe, mochedwerapo, koma mkati mwa nthawi ya timer. Zimenezi n'zabwino kudziwa, chifukwa kapasita imodzi ikadzafa mwakachetechete chizindikiro chake chidzakhala kuchedwako. Pomaliza ndakanikiza K2 ndi kamtengo kouma mota ikuyenda, kukhala ngati yakakamira. Timer yawerenga, yadula.

Mphwanga wayesa kugwira batani lobiriwira osalisiya. Apa pali kanthu koti ndisinthe. Batani likagwiridwa, limalambalala njira yodzigwira ya K1, ndiye pointi ya timer iyenera kukhala limodzi ndi batani lofiira, kutsogolo kwa zonse, osati m'njira yodzigwira yokha. Ikakhala pamenepo, ngakhale chala chili pa batani, K1 imagwa. Koma ikagwa timer imabwerera pa ziro, ndipo chala chikadali pomwepo K1 imalowanso. Pa tsiku labwino sizikuoneka, poti timer sifika powerenga. Pa tsiku la vuto munthu amva zikudula n'kulowanso, achotsa chala. Ndamuuza kuti, "Iwe, likangoti gwa usiye." Akuti wamva. Ndiganizirabe zoika ka relay kena kokhoma mpaka wina akanikize lofiira.

Lathe yayenda koyamba cha m'ma 4 koloko. Podzuka, chuck ili pa giya yothamanga, voteji ya T1 ndi T3 yagwa kufika cha m'ma 170 V n'kubwerera. Relay sinagwedezeke. Kubweza lathe chammbuyo mwadzidzidzi kwaigwetsa kwambiri, koma osayandikira 85. Ndadula breaker konveta ikuyenda n'kubwezera msanga: K1 yamasula, palibe chadzuka. Kukanikiza lobiriwira shafuti ikadazungulira, mota yangogwira n'kupitiriza.

Zatsala ndi makapasita okhalitsa, oti akweze T3 ifanane ndi anzake. Ndiyambira 60 µF pakati pa T2 ndi T3 ndi 40 µF pakati pa T1 ndi T3, a CBB65 a 450 V, kenako ndizisintha ndikuyang'ana mita lathe ikudula chitsulo. Amenewa asintha zimene relay ikuona. Voteji ikwera msanga podzuka, ndiye relay ikoka mofulumirirapo, ndipo pozima makapasitawa amasunga voteji pa T3 shafuti ikamatha kuzungulira, relay n'kuchedwa kumasula. Mayeso onse a lero ndidzawabwereza akalowa, kuphatikizapo la madzulo pa 210 V. Overload nayo ikadali pa nambala yongoyerekeza, ndidzaikhazika ndikaona ma amp a T1 makina awiri akuyenda limodzi.